Zimbale Zimene Munapachika mu Mpunga

Mayfair, Joni
Mwezi wa Juni

Achimwene anga a Salimu,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino, inu ndi alamu ndi ana ku Chinguluweko. Amayi kunyanja ali bwanji? Mwendo uja ukutupabe? Nanga mwana wanga Zahra, chifuwa chija chinamusiya? Ine kuno ndilipo, Alhamdulillah. Thupi lili bwino. Zamumtima ndiye muzimva m'munsimu.

Musadabwe kuti ndalemba kalata foni ilipo. Tikamayankhulana pafoni ine ndimakweza mawu, inu mumadula, mawa lake mumati inali netiweki. Ndiye ndati bola pepala, silidula. Sukulu mukudziwa pamene ndinalekezera, choncho polakwika muzingodumpha, koma muwerenge mpaka kumapeto. Kalatayi yabwera ndi a Saidi otenga katundu aja, pamodzi ndi katoni imodzi. Katoniyo musaitsegule musanamalize kuwerenga.

Kuno kwazizira zedi. M'mawa madzi a pampopi amaluma zala, munthu kutawaza kuti uswali umachita kudzilimbitsa mtima. Ntchito ndi yomwe ija yonyamula makapeti m'sitolo. Msana umadandaula koma ukugwirabe. M'chipinda tawonjezeka, kwabwera mnyamata wa ku Mangochi amene amaliza mkonono ngati injini ya boti. Mapepala anga sanatulukebe, ndiye ndikaona galimoto ya apolisi ndimakhota njira ngati ndaiwala chinthu kunyumba. Usipa umene amayi anatumiza unafika, tadya tonse, anzanga akuti muwathokozere. Za kuno ndi zomwezo. Tsopano ndinene chimene ndalembera.

Ndiyambira kutali pang'ono, chifukwa pafoni paja munkayankha ngati simukudziwa kuti zimbale zija zinali chiyani.

Zahra atangobadwa, mkazi wanga Hidaya ndi amene anandikakamiza kuti tipite ku boma tikabenetse zithunzi zathu pa zimbale. Ine ndinkati zili m'foni, zavuta pati. Iye anati foni ili ngati bwato, ungalikonde bwanji tsiku lina limamira. Tinakwera kabaza, mwana ali kumbuyo. Zinatuluka zimbale zitatu. Chimodzi cha nikaha yathu, tsiku la ukwati lija, chimodzi cha masiku amene anali woyembekezera ndi tsiku lotchula dzina la mwana, chimodzi cha zithunzi wamba, iye akuyanika usipa pa thandala, akuseka, atanyamula Zahra. Pa chilichonse analemba yekha ndi cholembera chofiira, n'kujambulapo kaduwa.

Hidaya atatisiya, Zahra anali asanayambe n'kuyenda komwe. Foni yake inapita nthawi ya matenda ija, mukudziwa. Pobwera kuno ndinaika zimbalezo mu sutikesi yobiriwira kwa amayi, pansi pa mipango yake, ndipo ndinanena pamaso pa inu ndi amayi kuti sutikesi imeneyi ndi ya Zahra akadzakula. Munalipo. Munali mutakhala pa mpando wa pakhomo mukusoka ukonde.

Chaka chatha atandilanda foni pa renki ya matekisi, atandiloza mpeni pamimba, anzanga anadabwa kuti sindikudandaula kwambiri. Zithunzi zonse za Hidaya zinali m'menemo. Koma ine mumtima ndinkati zilipo kumudzi, zili mu sutikesi, mkazi wanga anaganiza bwino. Ndinkagona tulo chifukwa cha sutikesi imeneyo.

Ndiye mu Epulo munanditumizira chithunzi chija pa watsapu. Mwaima pakati pa mpunga, manja m'chiuno, mukuti chaka chino mpheta zagona ndi njala. Ndinasangalala, achimwene, sindinama. Ndinaonetsa anzanga kuntchito kuti onani munda wa akulu anga. Kumbuyo kwanu kunali zingwe, pa zingwepo zimbale zikung'anima. Wina anati nzeru zoopsezera mbalame zimenezi n'zabwino. Ine ndinakulitsa chithunzicho ndi zala kuti ndione ngala za mpunga. Pafupi ndi phewa lanu ndinaona kaduwa kofiira.

Kapeti imene ndinanyamula tsiku limenelo ndinakaitsitsa pa nyumba yolakwika.

Nditakuimbirani munati munazipeza amayi atakutumani kukatenga chitenje mu sutikesi, ndipo munayesa ndi nyimbo zakale. Munati sikimu ya mpunga yonse anthu amasakasaka zimbale, ena mpaka kukapempha ku mavidiyo, inu mukanasiya bwanji zitatu zikungogona. Munati chimbale ndi pulasitiki, sichimva dzuwa, kungochipukuta ndi malaya chiyimba. Munaseka. Kenako mutaona kuti sindikuseka munasintha, munati womwalira amafuna pemphero la duwa osati chithunzi, ndikafunse kwa shehe aliyense.

Duwa ndimamuchitira Hidaya swala iliyonse. Sadaka yake sindinaphonyepo. Sindinati tipachike chithunzi chake pakhoma kapena tizichigwadira. Ndipo ngati zithunzi zinali zoletsedwa kwa inu, bwanji chanu cha manja m'chiuno munatumiza?

Koma chimene chimandiwawa kuposa zonse si chimenecho. Ndinakupemphani kuti mupite nthawi yomweyo mukazitsitse. Munati ndidikire mukolole kaye, kwatsala pang'ono, mukachotsa mbali imeneyo mbalame zilowera pomwepo. Munadziwa tsopano kuti ndi Hidaya ali pa chingwe, ndipo munamusiya pa dzuwa mpaka munamaliza kukolola. Poyamba munalakwitsa osadziwa. Kachiwiri munasankha.

Zimbalezo zinafika kuno ndi a Saidi, zitakulungidwa m'pepala la shuga, zikununkha usipa. Ndinapita nazo kwa Robert, mnzanga wa ku Nkhotakota amene amakonza makompyuta m'sitolo ina ku Fordsburg. Anatenga cha nikaha n'kuchiloza ku getsi, kuwala kunkadutsa m'timabowo. Anafunsa ngati ndabweretsa chimbale kapena sefa ya ufa. Ataona nkhope yanga anasiya nthabwala. Siliva wa pamwamba anali atasupuka ngati mamba a chambo. Makina analira, analira, n'kuchilavula. Anayesa makina ena, chimodzimodzi. Nikaha yathu inathera pomwepo.

Chachiwiri chinatseguka bwinobwino. Ndinasendera pafupi. Koma m'katimo munalibe Hidaya. Munali nyimbo zokhazokha. Robert anandionetsa zilembo ziwiri pa chimbalepo, RW, nati mtundu umenewu uli ngati bolodi ya kusukulu, umafufutika n'kulembapo zina. Anati wina anapita nacho kobenetsa, anafufuta zimene zinalipo n'kuikapo nyimbozo, ndipo tsiku lake likuoneka, ndi chaka chatha, mpunga uno usanadzalidwe n'komwe. Ndiye kuti sutikesi ija inayamba kutsegulidwa kale, nkhani ya chitenje ndi yongopeka. Sindikufunsa kuti ndani. Koma nyimbo zake ndi zija mumaimba mukamapalasa njinga. Chimbale chimene chinapirira dzuwa lonse lija ndi chimene munali mutachipha kale.

Chachitatu ndi chija cha zithunzi wamba. Robert analimbana nacho masana onse, makasitomala akudikira. Mayina a zithunzi ankaoneka, koma ukati utsegule, zii. Chinatseguka chimodzi chokha, nachonso theka. Chinayamba kutsika kuchokera pamwamba: mtengo wa mango wa kwa apongozi, mpango wake wachikasu uja, chipumi, nsidze. Pofika pamene payambira maso, chinaima. Kuyambira pamenepo mpaka pansi ndi phulusa lokhalokha. Ndinamuuza Robert kuti adikire mwina chikubwera. Anati sichibwera, chathera pomwepo. Ndinakhala ndikuyang'ana chipumicho mpaka mwini sitolo anayamba kutsitsa chitseko.

Nditakuuzani zimenezi pafoni munati madzi akatayika saoleka. Zoona. Koma mwambi umenewo amanena ndi mwini madzi podzitonthoza, osati amene wagwetsa ndowa.

Mwina mukuti Nasir akukokomeza, zithunzi chabe. Imvani chifukwa chake. Mwezi wathawu amayi anatumiza mawu a Zahra pa foni ya aneba. Mwanayo anandiuza za mbuzi imene yabereka, za nsapato zimene zamuthina, kenako anandifunsa ngati amayi ake anali oyera kapena akuda, chifukwa anzake a ku madrasa akutsutsana. Amayi akuti tsiku lina pa msika Zahra anatsatira mzimayi wina wa mpango wachikasu mpaka pa depoti, akuti wina anamuuza kuti amayi ake ankavala chotero. Mwana wa zaka zinayi, achimwene. Pa depoti pamene minibasi zimabwerera m'mbuyo osayang'ana. Chimvereni zimenezi sindikhazikika. Ndikamanyamula kapeti maganizo ali pa depoti.

Ndipo pali china chimene sindinauze munthu. Nditafuna kumuyankha mwanayo, ndinati ndimuuze za kadontho kakuda kamene Hidaya anali nako patsaya. Ndinaima. Sindinathe kukumbuka ngati kanali kumanja kapena kumanzere. Munthu amene ndinagona naye mphasa imodzi. Mawu ake ndimawamvabe, kuseka kwake ndimakumva, koma nkhope ikumka nichoka pang'onopang'ono ngati bwato likamalowa pakati. Ngati ine ndikuiwala, mwana amene sanamuone adzagwira chiyani?

Ndinayesa kwina konse ndisanakulembereni. A Martin ojambula aja a ku boma, amene anajambula nikaha yathu, ndinawaimbira. Anati kompyuta ya nthawi imeneyo inapsa ndi magetsi, palibe chimene anapulumutsa. Pa Fesibuku Hidaya sanalipo, ankati ndi bwalo la miseche. Robert anafunsa ngati foni yanga yobedwa ija inkasunga zinthu pa intaneti. Mwina inkatero, koma akaunti yake anatsegula ndi amene anandigulitsa, mawu achinsinsi sanandipatse, ndipo nambala ija inatsekedwa.

Kwatsala malo amodzi. Mlamu wanga Layla, mng'ono wake wa Hidaya, ali ndi foni yakale ija yosweka galasi. Akuti mu memore khadi yake muli zithunzi za mkulu wake, za pa Idi yomaliza ndi zina Zahra ali wakhanda. Foniyo inasiya kuyaka kalekale, ili m'thumba mwake. Koma sabata yatha anandiuza kuti akufuna kupita nayo kwa okonza mafoni ku Kamuzu Road asanapite ku banja lake ku Mangochi mwezi wamawa. Ine okonza mafoni ndikuwadziwa. Chinthu choyamba amati tifulashe, kufufuta zonse za m'foni. Khadi akaipeza m'kati amaifufuta kuti ati inali ndi vairasi, ena amangoisintha ndi yakufa. Ndinamupempha kuti adikire, anavomera, koma Layla ndi mwana, mutu wake uli pa ukwati. Kuchotsa khadi yekha akuopa kuti aithyola.

Pempho langa ndi limodzi. Mupite kwa apongozi anga sabata ino, osati mukamaliza kupuntha mpunga, osati mukagulitsa, sabata ino. Mukachotse khadi imeneyo m'foni ya Layla, muikulunge m'kapepala, mupite nayo kwa a Martin ku boma pamodzi ndi zimbale zimene zili m'katonimu, akabene zithunzizo. A Martin ndapangana nawo kale, akukudikirani, ndipo za ntchito yawo ndathana nazo ine.

Mudzafunsa kuti bwanji ndikutuma inu pambuyo pa zonsezi. Nanenso ndadzifunsa. Amayi mwendo suwalola. Achemwali ali ku Dedza. Apongozi anga aamuna maso anachita khungu. Amene ali ndi njinga ndi miyendo ndinu. Amati chibale ndi fupa. Ine ndikuti fupa lomwelo likakhala pakhosi ulibe kochitira, umameza basi.

Tsopano mumvetse za zimbalezi, chifukwa ndikudziwa mukafika ku boma wina adzakuuzani kuti chimbale ndi chimbale, ndipo mudzavomera. Si zoona. Ine ndakhala pa benchi ya Robert Loweruka lililonse mpaka ndamvetsa, ndiye ndikuuzani mmene ndamvera.

Chilichonse cholembedwa RW ayi. Kaya ndi sidi kaya ndi dividi, chikakhala ndi zilembo ziwiri zimenezo musachiyandikire. Chimenecho ndi cha anthu a nyimbo, lero izi mawa izo. Ife tikufuna cholembedwa R yekha. Chimenecho ukabena kamodzi watseka, palibe angafufute ngakhale atafuna nyimbo bwanji. Mwaona chifukwa chake ndayambira pamenepa.

Sidi wamba ndi yaing'ono, zithunzi za masiku ano zimadzaza msanga, mungafunike mulu. Dividi imodzi imanyamula za masidi asanu ndi limodzi n'kutsalako malo. Ndiye ndasankha dividi.

Pali mtundu wina amati Bulurei, umanyamula zambiri zedi ndipo akuti umalimba. Palinso wina wodula amati M-disiki, Robert akuti m'kati mwake muli ngati mwala, dzuwa ndi chinyezi siziugwira msanga, opanga ake amati ungakhale mpaka zidzukulu za zidzukulu. Mtima wanga unali pamenepo. Ndinati ndigule umenewo ngakhale ndigone ndi njala. Koma Robert anandifunsa kuti ku Salima abena ndi chiyani. Mitundu imeneyi imafuna makina akeake obenera, ndipo Bulurei imafunanso makina akeake owonera. Ndinawafunsa a Martin, anati alibe, ndipo sakudziwa amene ali nawo pa boma ponse. Chabwino n'chiyani kugula loko wolimba kiyi wake ali ku Joni? Zahra akadzakula adzafuna chimbale chimene angalowe nacho paliponse n'kutsegula.

Ndiye ndagula ma dividi a R, koma osati a pamsika ogulitsa mosapakira aja, opanda dzina, amene amatipatsa kobenetsa. Robert akuti amenewo utoto wa m'kati mwake ndi wosalimba, ena amafa okha ali m'nyumba zaka zochepa. Awa anachita kundiitanitsira, opangidwira kusunga zinthu nthawi yaitali. Mudzawaona, pamwamba pake ndi pa golide. Musatengeke nako kung'animako. Ndikudziwa mmene maso anu amaonera chinthu chong'anima.

Kwa a Martin mukanene izi, ndawauza kale koma mukabwereze. Abene pang'onopang'ono, asathamangitse makina. Akamaliza atseke chimbalecho kuti pasadzalowenso kanthu. Kenako achitulutse, achilowetsenso, atsegule zithunzi inu mukuona ndi maso anu, kuyambira pamwamba mpaka pansi, osati kungoona mayina. Mayina ndinawaona ine kwa Robert, sanandithandize. Ngati ali ndi makina achiwiri ayeserenso mmenemo. Khadi ya Layla asafufute kanthu, muibweze kwa mwini wake ili momwemo.

Abene zitatu zofanana. Chimodzi chikhale kwa amayi, chimodzi kwa apongozi anga, chimodzi mupatse a Saidi abwere nacho kuno. Nyumba imodzi ikapsa kapena madzi akalowa ngati chaka chija, kwina kutsale. Changa chikafika Robert adzaikanso pa intaneti, ulendo uno mawu achinsinsi ndisunga ndekha. Akuti chimbale ngakhale chabwino bwanji usachikhulupirire chokha, ndipo pakapita zaka zingapo uzichiyesa n'kukoperanso pa chatsopano. Zimenezo ndidzachita ine ndikadzabwera, Insha Allah. Kwa inu ku Chinguluwe kusakhale chimbale ngakhale chimodzi. Musakhumudwe. Kapena khumudwani, palibe kanthu.

Kasungidwe kake muwauze amayi ndi apongozi mofatsa. Chilichonse chikhale m'kabokosi kake kamene ndatumiza, choimirira, osati chogona pansi pa katundu. Chisakhale pafupi ndi malata, kutentha kwa Okutobala mukukudziwa. Chisakhale pansi pamene pamachita chinyezi, kapena kukhitchini kwa utsi, kapena pawindo. Pogwira azigwira m'mphepete, kunsi kwake osakhudza ndi zala za mafuta a nsomba. Osamatapo pepala, osalembapo ndi bolopeni, imakanda. M'katonimo muli cholembera chofewa chofiira, mulembe pa kabokosi ndi pakati penipeni pa chimbale pamene palibe golide. Mulembe kuti ZAHRA basi. Kaduwa musajambule. Si dzanja lanu.

Tsiku lopita ku boma mumutenge Zahra. Mumugwire dzanja pa depoti, musamusiye ngakhale mukupereka moni. A Martin akatsegula zithunzi, mumukweze pa mpando aone yekha. Musamuuze kuti awa ndi ndani, muyambe mwaona ngati adziwa. A Martin atsukenso chimodzi pa pepala, chimene nkhope ikuoneka bwino, mwana akhale nacho chogwira m'manja, akaonetse anzake a ku madrasa aja asiye kutsutsana. Ndipo inu muyang'ane tsaya, mundiuze mbali imene kuli kadontho.

Ngati mukapeza kuti khadi ija ndi yakufa kapena mulibe kanthu, Zahra musamuuze chimene munapitira. Mumugulire fanta, muziti munapita kukaona sitima pa siteshoni. Ine mundiuze zoona tsiku lomwelo. Musandiuze kuti ndidikire.

Tsopano mutha kutsegula katoni. Pamwamba pali juzi ya amayi ndi nsapato za Zahra, ndakulitsa saizi. Pansi pake pali zimbale za golide zija m'mabokosi ake. Pansi penipeni pali jumbo yakuda yolemera. Mmenemo muli zimbale zakufa zimene Robert amataya ku sitolo, ndakhala ndikutola. Zilipo zokwana munda wanu wonse ndi wa aneba anu. Zina ndaboola kale m'mphepete kuti musavutike pomanga. Zimenezo ndi zanu, za mbalame. Zikatha mundiuze nditumiza zina, chaka ndi chaka, malinga ndili moyo. Ndikufuna kuti mpunga ukamacha musadzakhalenso ndi chifukwa chotsegulira sutikesi ya mwana wanga.

Zitatu zakale zija ndasunga kuno. N'zakufa koma pali dzanja lake.

Mupereke moni kwa amayi, muwauze kuti mankhwala opaka mwendo ali m'thumba la juzi. Nkhani ya nyimbo ija sindinawauze, ndipo sindiwauza. Moni kwa alamu ndi ana, kwa achemwali mukaimba ku Dedza, kwa amalume ndi onse a pa doko. Kwa apongozi anga onse awiri mukafike mwaulemu, mukhale pansi, musakangotenga khadi n'kutuluka. Layla mumuuze kuti ndamufunira banja la mtendere, ndipo foni ina ndimutumizira, yakaleyo asadandaule nayo.

Zahra mumuuze kuti ababa ake aona chipumi cha amayi ake, ndipo n'chimodzimodzi ndi chake. Kuyambira m'maso kutsika m'munsi, zili m'manja mwanu.

Allah akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Nasir